Tikumbukire amalume a misampha

Ine ndinenako pang'ono za amalume amene tinawaika m'manda sabata yatha.

Ambiri munkawadziwa chifukwa cha vumbwe. Nkhuku zikayamba kutha m'khola, anthu ankathamangira kwa iwo, ena ochokera ku Dómuè kwenikweniko. Koma amalume sankafulumira kutchera, ayi. Ankayamba agwada n'kuyang'ana mapazi. Ngati zikhadabo sizikuoneka, ameneyo ndi vumbwe. Zikaoneka, ankangoseka, chifukwa nthawi zambiri wakuba anali galu wa mwini khola yemwe!

Ineyo anandiphunzitsa diwa la mbewa ndili ndi zaka 9, kenako khwekhwe. Tsiku lina ndinatchera kudimba, n'kutha masiku atatu osakaonera. Mmene ndimapita, ndinapeza mbuzi ya eni itafera momwemo. Sanandimenye. Mbuzi anakalipira okha, ndi chimanga cha m'nkhokwe mwawo, ine n'kundiletsa kugwira msampha chaka chathunthu. Ndodo ikanakhala bwino, anzanga.

Misampha yawo anaisiya kwa ine. Amene vumbwe wamusowetsa mtendere abwere, tikatchere. Koma adziwiretu kuti kuonera ndi m'mamawa uliwonse, ngakhale kugwe mvula.