MBAULA YA GASI IKAKANA KUYAKA

Mau a lero apita kwa amuna a ku migodi ndi kwa onse okhala m'matauni, makamaka iwo amene ayamba kuphikira gasi m'nyumba zao. M'caka ca 2024 mvula inakana, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Pamenepo mabanja ambiri a ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola anagula mabotolo a gasi. Gasi ndi wanchito wabwino ndithu, koma afuna mbuye wodziwa makhalidwe ace. Cifukwa cace nkhani ino inena za mbaula ya gasi imene inakana kuyaka pakati pa thengo, ndi m'mene munthu wofatsa analondolera cobvuta cace kufikira anacipeza.

Munthu wocoka ku Chipata kunka ku Lundazi ayenda makilomita pafupi-fupi 180. Ku dzanja lace lamanzere, asanafike pa boma, kuli nkhalango ya Lukusuzi, imene inakhala malo osungirako nyama a boma m'caka ca 1972. Kukula kwace ndi masikweya kilomita 2,720. Ndi dziko la mitengo ya miombo, la zitunda za miyala ndi zigwa zotsikira ku Luangwa. Kum'mawa kwace, kutsidya la malire, kuli nkhalango ya Kasungu ya m'Malawi. M'kati mwa Lukusuzi mulibe sitolo kapena garaja. Cimene caonongeka m'menemo, mwini wace acikonza yekha, kapena agona naco. Ndipo m'miyezi ya June ndi July, dzuwa likangolowa, cisanu ca kumeneko cilowa m'mafupa.

Alendo oyendera malo otere amabwera ndi galimoto yokhala ndi kanyumba kumbuyo, m'mene muli makama, pophikira, ndi mbaula yofunditsa m'kati, imene amisiri aicha hita. Galimoto ina yotere inagona m'nkhalangomo usiku wina wa cisanu. Inali ndi banja la alendo ndi mwana wao wamng'ono wodwala cifuwa. Woyendetsa anali mkulu wa imvi, amene pa unyamata wace anagwira nchito ya makina pansi pa mgodi wa ku Mufulira. Womthandiza anali mnyamata, mwana wa mlongo wace.

Mdima utagwa, mai wa mwana anapempha kuti amuyatsire hita. Mnyamata anapotoza kacitsulo koyatsira. Kunamveka kulira kwa fani kofooka, monga munthu wopuma ndi njala, koma moto sunaoneke. Anayesa kaciwiri, anayesa kacitatu, osayaka. Tsono anati, "Amalume, cinthuci cafa. Tiyeni tipale makala pa moto uwu, tiike m'cidebe, tilowetse m'galimoto kuti mwana afunde."

Mkuluyo anaimirira msanga nati, "Iai, mphwanga, zimenezo usaziyese ngakhale tsiku limodzi. Makala m'cipinda cotseka ndiwo manda."

Mau amenewa ayenera kukhala m'mutu mwa munthu ali yense. Makala akamayaka mopanda mphepo yokwanira aturutsa mpweya woipa wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, ndiponso ulibe pfungo. Ulowa m'magazi nulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amva mutu, afooka, agona tulo, osadzukanso. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa mpweya uwu ananena zoona zeni-zeni. Amuna a ku migodi adziwa bwino lamulo lakuti asalowe kumene aphulitsa miyala kufikira utsi utacoka. Lamulo lomwelo liyenera kufika nao kunyumba.

Mkuluyo anapatsa mai wa mwana gombeza lace lomwe, natenga toci, nakhala pansi pafupi ndi hita. Anati, "Mphika ukhala pa mafuwa atatu. Limodzi likacoka, nsima igwa. Moto wa cipangizo ici nawonso uli ndi mafuwa atatu: magetsi, mphepo, ndi gasi. Tiona limodzi-limodzi, ndipo tiyamba ndi losabvuta."

Kuti munthu amvetse cimene mkuluyo anacita, ayenera kudziwa mayendedwe a hita yotere. Ikayatsidwa, coyamba kuyenda ndi fani, ndiko kuti cipangizo copemerera mphepo. Pa njira ya mphepoyo pali kacitsulo kopyapyala konga tsamba. Mphepo ikakhala yamphamvu ikankha katsambako, ndipo iko kagunda swichi. Swichi imeneyo ndiyo iuza makina kuti, mphepo yakwana, tsegulani gasi. Pamenepo khomo la gasi litseguka, ndipo kawaya kali pafupi ndi poyakira kathetheka mbaliwali, kumveka kuti the, the, the. Lawi likabuka, makina alizindikira nasiya gasi ayende. Likapanda kubuka, makina atseka gasi msanga. Mahita ambiri ayesa katatu, ndipo akalephera adzitseka okha, kufikira munthu atazimitsa ndi kuyatsanso. Cotero hita yokana kuyaka kawiri-kawiri siinafe konse. Ingokana kuturutsa gasi pamene paoneka ngozi.

Fuwa loyamba linali magetsi. Mkuluyo anaona fyuzi, napeza kuti ndi yamoyo. Anaona mawaya a pa batire, napeza kuti ndi omangika bwino, opanda dzimbiri. Koma pamene mnyamata anayatsanso hita, nyali za m'kanyumba zinazilala. "Waona?" anatero mkuluyo. "Batire yatopa. Firiji yakhala ikudya magetsi tsiku lonse galimoto ili ciimire." Batire ya galimoto yodzala bwino ikhala ndi mavolti opitirira 12 pang'ono. Ikatsika kufika pafupi ndi 10, fani izungulirabe, koma mwaulesi, ndipo mphepo yace ilephera kukankha katsamba kaja. Anthu ambiri anyengedwa pamenepa, pakuti amva fani ikulira nayesa kuti magetsi ali bwino. Mkuluyo analiza injini kuti batire idye, natembenuza galimoto kuti utsi wace upite ndi mphepo kutali ndi ogona. Patapita nthawi, kulira kwa fani kunasintha, kunakhala kwamphamvu.

Fuwa laciwiri linali mphepo. Ngakhale fani inalimba, kuthetheka kuja sikunamveke. Mkuluyo anazimitsa zonse, natsegula citseko ca hita. Pfumbi la mseu wa ku Lundazi linali litadzaza m'menemo, ndipo pa katsamba kaja panakangamira ubweya wa gombeza ndi udzu. Mnyamata anati, "Amalume, bwanji tingolumikiza mawaya awiriwa, tileke kubvutika ndi katsambako?"

Mkuluyo anamyang'ana nati, "Ku mgodi, munthu womanga swichi ya citetezo ndi waya amcotsa nchito tsiku lomwelo, ndipo acita bwino. Katsambaka ndi mlonda. Ukamanga mlonda manja, gasi adzayaka popanda mphepo, citsulo cidzapsa, ndi galimoto yomwe."

Anapukuta katsambako ndi kaburashi, nakayesa ndi cala kuti kayende momasuka, nacotsanso katundu amene alendo anaunjika pa mabowo oturukira mphepo yofunda. Poyatsanso, kunamveka kuti the, the, the. Mnyamata anasekera. Koma lawi silinabuke.

Linatsala fuwa lacitatu, ndilo gasi. Mkuluyo ananyamula botolo kuti amve kulemera kwace. Pa botolo liri lonse analembapo kulemera kwace likakhala lopanda kanthu, kotero kuti munthu wokhala ndi sikelo angathe kudziwa gasi wotsala. Ili linali lolemera, pakuti analisintha ku Chipata. Anaona kuti ndi lotsegula, ndi kuti paipi siinapindike pena pali ponse. Tsono anakumbukira kuti botolo likasinthidwa, m'paipi mulowa mpweya wamba umene suyaka. Anayatsa citofu cophikira, cimene cimwa m'botolo lomwelo. Poyamba cinangopuma, pambuyo pace cinayaka lawi labwino. Apo anadziwa kuti botolo ndi regyuleta, ndico cipangizo cocepetsa mphamvu ya gasi pakamwa pa botolo, ziribe mlandu.

Anayesanso hita. Kunamveka kuthetheka, ndi kaphokoso kakuti bu, ndipo kunja kunamveka pfungo la gasi pang'ono. Mnyamata anaturutsa macesi m'thumba. Mkuluyo anamgwira dzanja nati, "Bweza. Pamene pamveka pfungo, macesi akhale m'thumba."

Gasi wa m'mabotolo mwa iye yekha alibe pfungo lomveka. Opanga athiramo dala mankhwala onunkha kuti mphuno icenjeze munthu. Ndiponso gasi ameneyu ndi wolemera kupambana mpweya wamba. Sakwera kumwamba monga utsi, koma atsika pansi nakhala m'ngondya ndi m'maenje monga madzi. Ndico cifukwa cace munthu akamva pfungo atseke botolo, atsegule zitseko, asayatse ndudu, ndipo asakhudze swichi ya magetsi kufikira pfungo litatha.

Mkuluyo analingalira nati, "Magetsi alipo. Gasi afika. Mbaliwali ithetheka. Ngati moto ufa pobadwa, ndiye kuti ulibe popumira." Hita yotere siitenga mpweya wa moto wace m'cipinda ca anthu iai. Iukoka kunja, ndipo utsi iuturutsanso kunja, pa mipope yoboola m'mbali mwa galimoto. Anaturuka, naunika m'mipopemo ndi toci. M'kati munali nyumba za dothi zitandandalikana, zouma gwa. Anali mabvu aja omanga ndi matope, amene aoneka m'zipupa za nyumba ndi pansi pa denga la nkhokwe. Galimotoyo inali itakhala dzinja lonse osayatsa hita, ndipo mabvu anapeza malo a mdima ndi ofunda, namangamo mudzi.

Tsono nchito inayamba mwa dongosolo lace. Mkuluyo anazimitsa injini, natseka botolo la gasi, namasula waya wa batire. Anacotsa cotsekera ca kunja, naswa nyumba za mabvu ndi kamtengo, nakokera dothi lonse kunja kuti lisagwere m'kati. Anaturutsa citsulo coyakirapo moto, napeza ulusi wa kangaude pakamwa pa jeti, ndiko kabowo kakang'ono koturukira gasi. Mnyamata anapereka singano.

Pano pali msampha umene ugwira anthu ambiri amene anakula ndi Primus. Citofu ca parafini cimeneco, cimene cinayamba kupangidwa ku Sweden m'caka ca 1892, cinali kubwera ndi kawaya kace kotokosera kabowo, ndipo amai onse anazolowera kutokosa. Koma jeti ya gasi anaiboola mwa muyeso, m'citsulo cofewa. Singano ikulitsa bowolo, gasi acuruka kupambana mpweya, lawi likhala lacikasu, lodetsa ndi mwaye, ndi loturutsa mpweya wakupha uja. Cotero mkuluyo anakana singano. Anacotsa ulusi ndi kaburashi kofewa, napemerera jeti ndi pampu ya matayala. Anapukuta nsonga ya kawaya kothetheka, naona kuti mpata wace ndi wa mamilimita ngati 3, ndi kuti coyera cogwira kawayako sicinang'ambike.

Atabwezera zonse m'malo mwace, sanafulumire kuyatsa. Anasungunula sopo m'kapu, natsegula botolo, napaka thobvu pa mfundo iri yonse imene anaikhudza. Pamene gasi adontha, thobvu litupa ndi kuwira. Pa mfundo imodzi linatupa pang'ono. Anatseka botolo, namanga ndi sipanala, napakanso. Linakhala cete. Anadikira kuti pfungo lonse lipite ndi mphepo, nalumikiza batire, nauza mnyamata kuti ayatse.

Fani inalira. Kunamveka the, the, ndipo pambuyo pace mkokomo wofatsa wosadukiza. Pa kagalasi koonera panaoneka lawi la buluu, loima nji. Mkuluyo anaika dzanja pafupi ndi mpope wa kunja namva utsi wofunda ukuturuka bwino. Anakhala maso nthawi ndithu akuyang'anira, ndipo anauza alendo kuti asiye zenera limodzi lotsegula pang'ono. Mwana anagona, cifuwa cace cinaleka kumsautsa, ndipo kutali m'cigwa afisi anali kulira.

M'mawa mnyamata anati, "Amalume, ndikadakhala ndekha ndikadapala makala." Mkuluyo anayankha, "Ndico cifukwa cace amako anakupereka kwa ine. Tikafika ku Chipata udzagula kaukonde ka waya koyenera mipope iyi, kuti mabvu asabwerere. Ndipo hita imeneyi idzapita kwa mmisiri wa gasi aione yonse, pakuti ife tangoitsegulira njira."

Mau otsirizawa ndi ofunika. Pali zinthu zimene mwini angathe kucita yekha: kuona batire ndi fyuzi, kuyesa kulemera kwa botolo, kucotsa pfumbi ndi nyumba za mabvu, kuyesa mfundo ndi sopo. Koma khomo la gasi likafa, regyuleta ikaonongeka, kapena citsulo ca m'kati cikang'ambika kotero kuti utsi usakanizika ndi mphepo yolowa kwa anthu, imeneyo ndi nchito ya mmisiri wophunzira. Paipi yong'ambika siimangidwa ndi mphira wa njinga, igulidwa yatsopano.

Mai wa ku Chamboli kapena wa ku Matero, amene citofu cace cakana kuyaka m'mawa ana akupita ku sukulu, angathe kutsata mapazi omwewa. Ayambe ndi botolo, aone paipi, apukute poyakira pamene phala linatayikira, ayang'ane mtundu wa lawi. Botolo liime ciriri pa malo opita mphepo, kutali ndi moto. Akamva pfungo atseke ndi kutsegula zitseko. Cikamkanika afunse odziwa, pakuti safunsa anadya phula.