Foni Yolankhula ndi Ndalama za Munthu Wosaona

Olemekezeka mafumu, makhansala, a makomiti a chitukuko, amayi ndi abambo.

Ku Chia, ku Dwangwa ngakhalenso pa Boma, anthu ochuluka masiku ano amalipira nsomba ndi mpunga kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Koma munthu wosaona akafuna kutumiza ndalama, kawirikawiri amapereka foni yake kwa wina n'kumuululira nambala yachinsinsi. Wothandizayo akakhala wosakhulupirika, thukuta la mwezi wathunthu limathera pomwepo.

Chikhalirecho njira yopewera zimenezi ilipo kale. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, ndipo a iPhone ali ndi VoiceOver. Pa kompyuta pali NVDA, pulogalamu yaulere imene Michael Curran anaiyamba mu 2006 n'kuikulitsa limodzi ndi James Teh. Onse awiri ndi osaona, a ku Australia. Mapulogalamu amenewa amawerenga mokweza zonse zolembedwa pa sikirini.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofunika kukamvetsa. Pulogalamu yowerengayi imafunsa foni kapena kompyuta mafunso atatu okhudza chinthu chilichonse: dzina lake ndani, ndi batani kapena malo olembamo, nanga chimachita chiyani. Yankho likabwera, imalilankhula. Pa TalkBack, munthu amayendetsa chala mpaka atamva liwu loti kutumiza, kenako amagogoda kawiri pa sikirini, batanilo n'kudinika. Pa NVDA, wodziwa chinenero cha makompyuta cha Python angathe kulemba malangizo afupiafupi ouza pulogalamuyo kufunafuna batani potchula dzina lake n'kulidina yokha. Motero kalaliki wosaona angathe kusunga kapena kusindikiza kalata mwa kungodina makiyi awiri.

Vuto limabuka pamene wokonza pulogalamu sanalipatse dzina batanilo. Zikatero foni imangonena kuti pali batani, osatchula ntchito yake, ndipo munthu sadziwa ngati akutumiza ndalama kapena akufufuta uthenga. Amabwereranso kukapempha maso a wina.

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula mwayi wogwiritsa ntchito zipangizo zofalitsira uthenga. Choncho ofesi iliyonse yogula kapena kukonzetsa pulogalamu iyenera kuiyesa kaye pamodzi ndi munthu wosaona isanalipire. Makomiti a m'midzi adziwe osaona a m'dera lawo amene ali ndi mafoni amakono, ndi kuwalumikiza ndi bungwe la Malawi Union of the Blind. Achinyamata odziwa mafoni akhale pansi ndi makolo awo osaona, awayatsire TalkBack, awaphunzitse modekha, koma nambala yachinsinsi ikhale ya mwini foni yekha.