Chizungulire Nachonso Chimamva Mafizo: Mawu a Mlendo Wolemekezeka ku Mangochi

Wotsogolera mwambo uno, Bwana DC wa boma la Mangochi, Wapampando wa khonsolo ndi makhansala nonse, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo, a Gogo Chalo Mponda, eni nthaka takhalapoyi, pamodzi ndi a Gogo Chalo Nankumba, Jalasi, Chimwala, Makanjira ndi mafumu onse, mkulu wa zaumoyo m'boma lino, madokotala ndi anamwino a chipatala chachikulu cha Mangochi, a ku Monkey Bay, a St Martin's ku Malindi ndi a Mulibwanji, aphunzitsi ndi ophunzira a sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS, mashehe, ansembe ndi abusa, alangizi a zaumoyo, makomiti a m'madoko, atolankhani, amayi ndi abambo. Anyamata a kabaza mwaima kumbuyoko ndakuonani, musathawe, nkhaniyi ikukukhudzani. Ngati pali amene ndamudumpha, akhululuke, ndi dzuwa la kunyanjali.

Lero, pa 8 September, dziko lonse lapansi likukumbukira ntchito ya madokotala a mafizo. Ambirife tikamva za mafizo timaganiza za wodwala sitiroko kapena wothyoka mwendo pa ngozi ya njinga yamoto. Ine ndikufuna tikambe za chizungulire, chifukwa timachipeputsa, ndipo pochisamalira timachita zosiyana ndi zofunika. Wodwala timamuyalira mphasa n'kumuuza kuti asagwedezeke, pamene chizungulire chochokera m'khutu nthawi zambiri chimatha munthu akamayendetsa mutu ndi thupi motsogozedwa ndi wodziwa.

Kuti munthu aime chilili osagwa, ubongo umadalira maso, mapazi ndi makutu. Mkati mwenimweni mwa khutu lililonse muli timapaipi titatu tokhota todzaza madzi, ndipo pafupi pake pali timiyala tosaoneka ndi maso timene timadziwitsa ubongo kumene mutu wapendekera. Munthu akamakalamba, kapena akamenyetsa mutu, timiyalati timatha kusoloka n'kugwera m'kapaipi kamodzi. Zikatero, akangotembenuka pogona, kuyang'ana kudenga kapena kuwerama pa swala mumzikiti, nyumba yonse imazungulira kwa kanthawi kosakwana mphindi imodzi, mseru n'kubwera. Madokotala amati BPPV, ndipo ndiwo mtundu wa chizungulire cha m'khutu wopezeka kwambiri. Mu 1992 dokotala wa ku America, John Epley, anafalitsa njira yobwezera timiyalati. Wodwala amakhala pabedi, dokotala amamutembenuzira mutu kumbali yodwalayo n'kumugoneka chagada mwamsanga, mutu uli lende kumapeto kwa bedi. Maso a wodwala amayamba kunjenjemera okha, ndipo dokotala amadikira kuti akhazikike. Kenako amatembenuzira mutu mbali inayo, kumugubuduzira paphewa, n'kumudzutsa pang'onopang'ono. Ntchito yonse ndi ya mphindi zochepa, popanda jakisoni, popanda magetsi, ndipo ambiri amapeza bwino akachitidwa kamodzi kapena kawiri.

Pali enanso amene mkati mwa khutu munawonongeka ndi matenda kapena mankhwala. Majakisoni ena amphamvu, monga gentamicin ndi streptomycin, amapulumutsa moyo, ndipo musawakane, koma kwa ena amasiya kudzandira, makamaka mumdima. Kwa otere, njira inayamba m'zaka za m'ma 1940 ku London, pamene madokotala Cawthorne ndi Cooksey anaona kuti ovulala mutu amene ankayendetsa mutu ndi maso msanga ankachira mofulumira kuposa ongogona. Lero wodwala amamata kapepala kolembedwa chilembo pakhoma, amakayang'anitsitsa uku akupukusa mutu, kangapo patsiku. Akazolowera amayenda akucheuka uku ndi uku, kenako amaima pamalo ofewa. Kumayiko a anzathu malo ofewawo amachita kugula. Kuno mchenga tili nawo kuyambira ku Malembo mpaka ku Lungwena, waulere. Wina afunsa kuti, nanga si mafizowa amadzutsa chizungulire chomwecho? Eya, amadzutsa, ndipo n'cholinga. Ubongo umaphunzira kudalira khutu labwino, maso ndi mapazi pokhapokha ukamayesedwa. N'chifukwa chake mapilitsi oziziritsa chizungulire amathandiza masiku oyamba okha. Akamwedwa nthawi yaitali amachedwetsa kuchira.

Ndikudziwa kuti ena mwakhala apa mukuti mumtima, boma limene likulimbana ndi malungo, limene linazunzika ndi kolera mu 2022 ndi 2023, lingatayirenji nthawi pa chizungulire? Funsolo ndi lomveka. Koma bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, oposa 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo ochuluka ndi opitirira zaka 60. Kuno kunyanja kugwa kuli ndi mtengo wake wapadera. Mlimi akachita chizungulire amakhala pamzere n'kudikira. Msodzi amene waima m'bwato usiku akukoka chilimira alibe pokhala. Pansi pake ndi madzi. Mayi wosenza beseni la usipa kupita kuthandala akagwa, mpamba wonse wathera mumchenga. Ndiye pali pakamwa pathu. Bambo akamadzandira masana timati waledzera, ngakhale sanalawepo mowa chibadwire. Agogo akamati dziko likuzungulira timathamangira kunena kuti alodzedwa, mwinanso kuloza chala agogo anzawo. Mafumu, izi zithe m'midzi mwanu.

Ena anena kuti si chizungulire chonse chimachokera m'khutu, ndipo akunena zoona. Kuchepa kwa magazi, malungo, shuga, BP, pakati, ngakhale ludzu la masana m'mwezi wa Ramadan, zonsezi zimazunguza mutu, ndipo mafizo sangalowe m'malo mwa mankhwala ake. Chizungulire chikabwera pamodzi ndi kupindika pakamwa, kulemera lilime, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kufooka mbali imodzi, imeneyo ingakhale sitiroko. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Koma mfundo imeneyi ikulimbitsa pempho langa. Pakufunika munthu wophunzitsidwa kusiyanitsa, ndipo akhale pafupi. Choncho musachoke pano n'kukayamba kupotokola makosi a apongozi anu kuti mwamva kwa mlendo wolemekezeka.

Boma tiliyamikire. College of Medicine, imene lero ili mbali ya KUHeS, inayamba kuphunzitsa madokotala a mafizo a digiri mu 2010, ndipo chipatala cha Kachere ku Blantyre chathandiza anthu ambiri kuyendanso. Mu 2023 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti chithandizo chotere chikhale mbali ya ntchito zaumoyo za tsiku ndi tsiku. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, ndipo gogo wa ku Makanjira amene akulephera kufika kuchitsime sangakwere galimoto mpaka ku Blantyre. Bwana DC ndi akhonsolo, pokonza bajeti muikemo malo a ogwira ntchito za mafizo m'zipatala za m'madera. A KUHeS, muli kale kuno ku Mangochi; phunzitsani madokotala ndi anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono kuyeza chizungulire ndi kubwezera timiyala tija. Alangizi a zaumoyo, mukamayendera midzi muzifunsa okalamba ngati agwapo chaka chino, ndipo amene avomera muziwatumiza kuchipatala.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa. Madokotala ali m'tenti yakumanjayi; amene mumamva chizungulire pitani akuyezeni lero, akulu ayambe.