Mlatho wa Uta: Mau Olankhulidwa pa Tsiku la Jubili



Nonse mudziwa uta wa njerwa umene amisiri amamanga pamwamba pa makomo a matchalitchi. Pansi pake palibe mtanda, koma njerwazo sizigwa, pakuti iliyonse ikanikiza inzake, ndipo kulemera konse kutsikira m'mbali kufikira pa maziko. Ndi nzeru yomweyi anamanga mlatho wa Gladesville pa mtsinje wa Parramatta, mumzinda wa Sydney ku Australia, nautsegula m'chaka cha 1964. Uta wake utalika mamita 305 popanda mzati pakati pa madzi, ndipo kufikira 1980 panalibe uta wina wa konkire wouposa pa dziko lonse.

Tamvani mamangidwe ake. Poyamba amisiri anaumba zidutswa zazikulu za konkire m'zikombole, zamphako m'kati kuti zipepukeko. Atatero anaimika mchirikizo wachitsulo wopindika pamwamba pa mtsinje, nandandalika zidutswazo pamenepo chimodzichimodzi kufikira uta unakwana. Tsono anapopera mafuta m'majeki amene anawaika pakati pa zidutswa. Majekiwo pokankha mbali zonse ziwiri, uta unanyamuka pang'ono, nuleka kutsamira chitsulo chija. Mchirikizo anausunthira pambali, namanganso uta wina, kufikira mauta anakwana anayi ogundana, ndipo pamwamba pake anamanga msewu. Mapazi a mautawo aponda pa thanthwe, popeza uta ukankha magombe ndi mphamvu yaikulu, ndipo dothi lofewa likadathawa.

Abale anga, tsiku loopsa kwa mmisiri ndilo tsiku lochotsa mchirikizo, pakuti pamenepo padziwika ngati ntchito yake inali yoona. Amene anayamba misiyoni ino ndiwo anali mchirikizo wathu. Anatinyamula tisanathe kuima tokha, ndipo tsopano kulibe. Sukulu za m'midzi, chopereka, kucheza ndi odwala, kuphunzitsa ofuna ubatizo, zonsezi zatsalira ife. Mudzi umodzi ukaleka kusonkhana, kapena katekisiti mmodzi akataya ntchito chifukwa tamgoneka ndi njala, mng'alu umenewo udzafika kwa ife tonse.

Chifukwa chake ndikudandaulirani: pobwerera kwanu, mudzi uliwonse upangane za kusamala katekisiti wake ndi sukulu yake chaka chino chisanathe. Yense atsamire mnzake, ndipo tonse tiponde pa Thanthwe, kuti ana athu akapeze pooloka.