DOTOLO WA ZIWETO SAPHUNZIRA M'KALASI MOKHA

Mau amene mkulu wofalitsa nkhani za Boma anakamba kwa alimi a ziweto pa msonkhano wao ku Rufunsa.

Ena mwa inu mwacokera kutali, kwa Shikabeta, kwa Mpanshya ndi kwa Bunda Bunda, cotero sindidzacurukitsa mau. Nkhani yanga lero ndi ya anyamata ndi asungwana amene ali kuphunzira udotolo wa ziweto, ndi mbali imene inu eni makola muli nayo pa maphunziro ao.

Kale dziko lathu linalibe sukulu ya madotolo a ziweto. Ku Mazabuka kunali sukulu ya athandizi ao, aja timawaona pa madibi, ndipo ilipobe. Koma wofuna udotolo weni-weni anayenera kupita ku maiko akunja. M'caka ca 1983 sukulu inatsegulidwa pa University of Zambia mu Lusaka. Boma la Japan linathandiza kumanga nyumba zake, ndipo inapatsidwa dzina la Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique amene anafa pa ngozi ya ndeke mu 1986. Oyamba anatsiriza mu 1988.

Maphunziro ake atenga zaka 6. Mwana aphunzira ziwalo za nyama, tizirombo ta matenda, mankhwala ndi miyeso yake, kung'amba, kubereketsa, ndi kupima nyama yophedwa anthu asanaidye. Sukulu ikatsekedwa amatumizidwa ku mafamu, kophera nyama ndi ku maofesi a ziweto a m'maboma, kuti aone nchito ndi maso. Atatsiriza, lamulo la 2010 lifuna kuti alembedwe m'buku la Veterinary Council of Zambia asanayambe kuciritsa.

Tsono ng'ombe ya m'buku siponda munthu, ndiponso mwini wake sanama. Ya m'khola ndi ina. Kuno tili pafupi ndi nkhalango ya Lower Zambezi, mmene muli njati ndi kashembe, nchenche ija ena aicha tsetse. Nkhupakupa ya m'makutu itenga matenda a denkete ku njati ndi kuwapatsa ng'ombe. Kashembe apatsa kaodzera. Onse awiri ayamba ndi kutentha thupi ndi kufoka, koma mankhwala ao ngosiyana. Denkete atupitsa anabere pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, ng'ombe ipuma mobvutika, nifa msanga. Kaodzera aondetsa pang'ono-pang'ono, nkhama niziyera cifukwa ca kutha kwa magazi. Wophunzira adzapima kutentha, adzatenga dontho la magazi pa khutu kukaliona pa makina okuzira tizirombo. Koma theka la nzeru yake lidzacokera pa mayankho anu: inayamba liti kudwala, inadya kuti, inapita liti ku dibi, mwaipatsa ciani.

Apa mpamene timalakwa. Amalume anga anali ndi ng'ombe ya pa goli imene inayamba kuonda. Anagula Berenil pa msika, nabaya theka la muyeso kuti wotsalayo akathandize inzake. Patapita masiku awiri mthandizi wa dotolo anafika ndi mnyamata wophunzira. Atafunsidwa, amalume anati sanaipatse kanthu, pakuopa kudzudzulidwa pamaso pa mwana. Magazi sanaonetse kacirombo, pakuti mankhwala aja anatibisa osatitsiriza. Alendo anapita, ng'ombe inabwerera m'matenda, nifa mvula yoyamba itagwa, ndipo caka cimeneco munda unalimidwa ndi makasu. Cimene cindiwawa kufikira lero ndi cakuti mnyamata uja anacoka ndi phunziro lonama: anaona kaodzera ndi maso ake, koma analemba m'buku lake kuti sanali kaodzera. Dziwaninso kuti muyeso wocepa uzoloweretsa tizirombo mankhwala, kotero kuti mawa sagwira nchito ngakhale m'khola la mnansi wanu.

Ena amanyoza, amati kamwana aka, makamaka kakakhala kamsungwana, kadziwa ciani za ng'ombe? Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Muloleni agwire yekha, mkulu wake ali ciimire pambali. Akalephera kuponya cingwe, musaseke, muonetseni.

Ana amenewa sadzakhala onse m'midzi. Ena adzakhala kophera nyama mu Lusaka, ena kolandirira mkaka, ena adzalemba makalata olola ziweto kuyenda pa mseu. Kumeneko nchito yaikuru ndiyo kudziwa kukana. Cigodola ca nkhumba ciribe mankhwala, ndipo citagwa mu Lusaka mu 2013 Boma linapha nkhumba zambiri kuti cisafale. Ife tikhala pa mseu waukuru wocokera ku mlatho wa Luangwa, ndipo galimoto imodzi yopita ndi nkhumba zodwala ikhoza kutha makola onse a m'mbali mwa njira. Cifukwa cake musaphunzitse mwana kulandira nkhuku kuti atseke maso. Nsima mpatseni monga mlendo, ciphuphu iai.

Mukamva kuti ali kudza, ng'ombe zikhale m'khola mamawa, ndipo pakhale amuna amphamvu ndi zingwe. Sungani mabotolo onse a mankhwala amene munabaya, ngakhale opanda kanthu. Nenani ngati muli kugulitsa mkaka wa ng'ombe yobayidwa, pakuti pali masiku oyembekeza amene alembedwa pa botolo. Ciweto cikafa mwadzidzidzi musacisende kapena kucidya. Citchinjirizeni kwa agaru, nimutumize mau ku ofesi ya ziweto tsiku lomwelo.

Makolo amene ana ao afuna nchito imeneyi awalimbikitse pa masamu ndi sayansi kufikira Giredi 12. Amene ali ndi mafunso atsale, ndidzakhala pano kufikira madzulo.