Kusankha Ntchito: Phunziro la ku Kayelekera

Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, m'boma la Karonga, unatsegulidwa m'chaka cha 2009. Koma mtengo wa yureniyamu utagwa potsatira ngozi ya ku Fukushima, m'dziko la Japan, mgodiwo unaimitsa ntchito mu 2014, ndipo antchito ambiri anabwerera kwawo.

Pamenepa pali phunziro kwa wophunzira wa ku Chaminade kapena ku Chilumba amene akudzifunsa ngati njira imene wasankha ndi yomuyenera. Malo a ntchito amatha kutsekedwa, koma luso limatsagana ndi mwini wake. Wowotcherera zitsulo akachoka pamgodi angathe kukakonza zigayo za mpunga ku Hara kapena ku Wovwe. Choyamba kufunsa tsono ndi ichi: kodi luso limeneli lidzamudyetsa kwina?

Chachiŵiri, adziyese pa tchuthi. Wofuna uphunzitsi aphunzitse ang'ono ake. Wofuna ulangizi wa zaulimi aloŵe m'matope kukawoka mpunga. Ngati m'maŵa mwake akufunabe kubwererako, ngakhale msana ukuŵaŵa, njirayo ndi yake. Koma ngati chomukoka ndi malipiro okha, akumbukire mawu a akulu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.