Woomba Ng'oma Asaiŵalike

Pa bwalo la gule anthu amalulutira wovina, koma woomba ng'oma amaiŵalika. N'chimodzimodzinso m'nyimbo za rap.

M'chaka cha 2015, Mmalaŵi mnzathu Gemini Major, ali ku South Africa, ndiye analuka zing'wenyeng'wenye pamene "Juice Back", nyimbo imene inatchukitsa Nasty C, inajambulidwanso. M'nyimbo yojambulidwansoyo, Davido ndi Cassper Nyovest anaimbamo. Mu 2016 iye anatulutsa yakeyake, "Ragga Ragga".

Tsono inu achinyamata okonza nyimbo pa kompyuta, kaya ku Area 47 mu Lilongwe, kaya m'maboma ena, pangananitu za malipiro nyimbo isanatuluke, ndipo kalembetseni ntchito zanu ku COSOMA. Mukazengereza, mudzalima ndinu, wokolola adzakhala wina.

Tsalani bwino.